Kapu Yachisanu ndi Chimodzi

Amayi anzanga, ndisanayambe, aliyense ayang'ane kapu imene wagwirayo. Musaope, imwani, ikasweka yasweka. Zaka zitatu zapitazo mukanaigwira chonchi ndi dzanja limodzi kwinaku mukuseka, bwenzi ine thukuta lili kamukamu. Ndine Esime, ambiri mumandidziwa kuti amake Tadala a ku Scarborough, ndipo ndaima pano kuti ndikuuzeni mmene makapu amenewa anandisandutsira mbala. Ee, mbala. Liwu lina lokometsera ndalifunafuna, palibe. Ambiri muno timasamalira okalamba m'nyumba zawo, timasungitsidwa makiyi a eni, choncho musamve ngati nkhani ya kutali.

Bambo anga, a Namaona, anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Anagwira kunyumba ya bwana wamkulu kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba. Dona wa panyumbapo anali ndi makapu ochokera ku Mangalande, opyapyala ngati chigoba cha dzira, a golide m'milomo. Wotsuka anali bambo, koma kumwera ayi. Iwo anali ndi kapu yawo yachitsulo yokoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini. Lachisanu lililonse dona ankawerenga ziwiya zake, ndiye bambo anazolowera kuwerenga okha m'mawa uliwonse kuti asadzadzidzimuke. Tsiku lina kapu imodzi inasowa. Amene anaitenga kapena kuiswa sanadziwike mpaka lero, koma wochotsedwa ntchito anali bambo. Tinatuluka m'nyumba ya kampani katundu ali pamutu, ine ndili Sitandade 6, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankalozerana pamsika kuti si uja anaba kwa mzungu. Bambo sanadziteteze kwa wina aliyense. Ankangowerenga mbale zathu zapulasitiki m'mawa uliwonse, amayi n'kumawaseka.

Nditabwera kuno, chaka chachiwiri, ndinalowa m'sitolo ya kaunjika kukafuna jekete la chisanu. Pashelefu ya ziwiya ndinaona kapu yoyera ya maluwa ofiira, golide ali waliwali. Ndinaikweza kumagetsi monga bambo ankafotokozera, ndipo ndinaona chithunzithunzi cha zala zanga kudutsa m'kapumo. Ndinaigogoda ndi chikhadabo, inalira ngati kabelu. Mtengo wake sunaposenso wa basi. Ndinatuluka ndi kapu, jekete ndinaliiwala, ndipo m'basimo ndinalira. Ndinadziuza kuti ndidzakhala ndi makapu ambiri kuposa dona uja, ndibwezere misozi ya bambo anga. Mwamva kukoma kwake kwa chifukwacho? Satana sabwera ndi chifukwa chonyansa ayi.

Ndinaphunzira msanga. Ndinadziwa kuti dongo lake amasakaniza ndi phulusa la mafupa a ng'ombe, n'chifukwa chake limaonetsa kuwala. Ndinkatembenuza kapu n'kuwerenga chidindo cha pansi, ndinkasiyanitsa golide wopaka pamanja ndi wa makina. Kenaka ndinatulukira maselo a m'nyumba za omwalira. Mukudziwa kuno, wokalamba akatisiya ana ake amatsegula nyumba n'kugulitsa zonse mpaka masupuni. Kwathu tikapita panyumba ya maliro timapita kukalira. Ine Loweruka lililonse ndinkaima pamzere pakhomo la womwalira, kaya ku Mississauga kaya kutali kwina, m'chisanu, kuti wina asanditsogolere pa tiyipoti.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kabati imodzi inabala zitatu. Makatoni analowa pansi pa bedi, m'chipinda cha mwana wanga Tadala, mpaka pakhonde. Alendo ndinasiya kuitana poopa ana awo. Kutchalitchi ndinkabwera mochedwa, foni ili m'manja, ndikuyang'ana zamalonda pamene abusa akulalikira. Apongozi anga atamwalira ku Dedza, siwa inakachitikira kwa anzathu ena ku Mississauga chifukwa ine ndinati kwathu n'kochepa. Kunali kochepadi, koma odzaza nyumbayo anali makapu. Amuna anga, bambo a Tadala, anapepesedwa maliro a mayi awo m'nyumba ya eni. Sanandikalipire. Anangoti tsiku lina ndidzawakulunga nawonso mu nyuzipepala n'kuwaika m'katoni. Ndinaseka, koma iwo sankaseka. Ndipo pa makapu onsewo panalibe ngakhale imodzi imene inalawapo tiyi. Ife tinkamwera m'makapu achimbombo aulere a kuntchito.

Amayi anga atamwalira tinawaitanitsa bambo kuti adzakhale nafe miyezi isanu ndi umodzi. Ndinali nditakonzeka kuti akaona makabati aja alira ndi chimwemwe. Anaima patsogolo pa galasi, manja kumbuyo, nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti amamwera ndani. Ndinati palibe, ababa, izi n'zosunga. Anagwedeza mutu, ndipo ine ndinawapatsa tiyi m'kapu yachimbombo ija osaona chachilendo chilichonse.

Mawa lake anapempha ntchito yowatsuka. Mukanaona manja a nkhalamba ija! Ankayala thaulo pansi pa beseni, madzi ofunda pang'ono, kapu imodzi imodzi, osakwecha pagolide, n'kupukuta nthawi yomweyo. Makina otsukira mbale ankawayang'ana ngati mdani. Ndipo m'mawa uliwonse, asanamwe tiyi wawo, ankayenda kabati ndi kabati kuwerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Pakutha pa sabata ankawadziwa onse kuposa ine.

Tsono panali seti imodzi imene ndinkaikonda koposa. Inali ya khofi, timakapu ting'onoting'ono ta buluu wakuda, golide ngati masamba a mpesa. Masosala anali asanu ndi imodzi, makapu asanu. Sosala imodzi inkangokhala yopanda kapu. Ndinafunafuna inzake zaka ziwiri osaipeza. Nyumba yodzaza makapu, koma ndikalowa pabalaza maso anga ankathamangira pa sosala yopanda kanthuyo.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira mayi wina wachizungu wokalamba kwambiri, ndimutche Mayi Doreen, si dzina lake lenileni. Mutu unali utayamba kuiwala. Ine ankanditchula dzina la mng'ono wake amene anamwalira kalekale. Ndinkapita Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu kunkapita Mayi Tembo a ku Chipata, amene akhala apo pafupi ndi zenera. Andilola kuti ndiwatchule. Mayi Doreen anaiwala ana ake, anaiwala kuti mwamuna wake anamwalira, koma ikakwana 3 koloko masana ankadziwa kuti ndi nthawi ya khofi, ndipo ankamwera kapu imodzi yokha, yotsala pa mphatso za ukwati wake. Ankaigwira ndi dzanja lamanzere. Inali ya buluu wakuda, golide ngati masamba a mpesa.

Miyezi itatu ndinaitsuka kapu imeneyo ndi manja angawa. Ndinayamba ndi kudziuza kuti mayiyu sakudziwanso kusiyana kwa kapu ndi chitini. Kenaka ndinati akamwalira ana ake adzaigulitsa kwa munthu wosadziwa n'komwe kufunika kwake. Pomaliza ndinati azungu omwewa anawalanda bambo anga ntchito chifukwa cha kapu, ndiye kapu imodzi ikabwerera kwa ife palakwika chiyani? Mayi wosalakwa uja ndinamusenzetsa mlandu wa dona wa ku Thyolo amene sanamuonepo.

Ndinaitenga Lachisanu, atangomaliza kumwa, ndinaikulunga m'mpango wa m'khosi. Apa ndiye pamene pamandivuta kunena, koma ndinena. Lachisanu sindinalisankhe mwangozi. Ndinkadziwa kuti kusowa kwake kudzaonekera pa shifiti ya mnzanga.

Zinayenda monga ndinaganizira. Lolemba mwana wamkazi wa Mayi Doreen anandifunsa, ine nkhope ili gwa ndinati Lachisanu ndinaisiya pamalo pake. Lachiwiri ku ofesi ya kampani imene inatilemba ntchito anawaimitsa Mayi Tembo kuti ayambe afufuza. Mayi Doreen anakana khofi m'kapu ina iliyonse. Ikakwana 3 koloko ankayenda ndi ndodo yake kutsegula makabati, osatha kunena chimene akufuna, akungolira pang'onopang'ono. Ine ndinkamugwira mkono kumuthandiza kufunafuna, kapu ili m'chikwama changa pakhomo pomwepo. Ngati pali pansi pena poposa pamenepo, ine sindikupadziwa.

Lachitatu madzulo ndinaitulutsa m'chikwama. Sindinaitsuke poopa kuti bambo akamva madzi abwera kudzandithandiza. Ndinangoipukuta ndi mpango n'kuiika pa sosala yake. Seti inakwana. Ndinaima n'kumadikira chimwemwe chimene ndinachisaka zaka ziwiri, koma sichinabwere.

Lachinayi m'mawa ndikutuluka kuchipinda nditavala yunifolomu, ndinapeza bambo atakhala pathebulo la kukhitchini. Anali atandanda masosala onse pa thaulo, iliyonse ndi kapu yake. Tiyi wawo anali pambali, asanamukhudze.

"Dzulo anali asanu," anatero.

Ndinati ndinaipeza pa selo, ndinangoiwala kuwauza. Sanandiyang'ane. Anainyamula kapu ija ndi manja awiri, kuitembenuzira kuzenera, kuinunkhiza. Anandionetsa pamlomo pake pomwe golide anafufutika mbali imodzi yokha, anati mwini wake ndi wamanzere. Kenaka anati za pa selo zimanunkha fumbi ndi nyuzipepala, koma iyi ikununkha khofi wa masiku omwe ano. Anaiika pansi pang'onopang'ono, osamveka ngakhale phokoso.

Ndinkayembekeza kuti andifunsa chifukwa chake, ndipo mayankho ndinali nawo okonzeka. Ndinkati ndiwakumbutse za Thyolo. Koma iwo anafunsa china.

"Ndiye akuti watenga ndani?"

Amayi, ndinakhala pansi penipeni, pa matailosi. Munthu wina aliyense akanafunsa za kapu. Bambo anga ankadziwa kuti kapu ikasowa m'nyumba ya bwana, pali wantchito wina amene akusenza. Ndinawauza zonse. Anafunsa ngati Mayi Tembo ali ndi ana, ndinati atatu. Anafunsa ngati anthu amva, ndinati nkhani yayamba kale kuyenda m'mafoni. Ndinamva basi yanga ikudutsa kunja. Kenaka anakankhira tiyi wawo pakati pa thebulo.

"Dona, tiyi wanu sindimwanso mpaka dzina la mayi ameneyo libwerere."

Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho. Ndinali Esime, kapena mwanawe. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala dona m'nyumba mwanga momwe. Ndipo munthu wa ku Thyolo, womwa tiyi katatu pa tsiku kuyambira ali mwana, anayamba kumwa madzi otentha okha.

Musaganize kuti ndinalapa nthawi yomweyo. Masiku awiri ndinkafuna njira yachidule. Ndinaganiza zokaibweza mwakachetechete kuseri kwa chitini cha shuga, kenaka n'kufuula kuti yapezeka. Bambo anandiwerenga ngati mbale zawo. Anati ndikaibweza mobisa, adzanena kuti mayi uja wachita mantha n'kubweza, ndipo dzina lake lidzathera pomwepo. Njira inali imodzi basi, ndipo ndinkaidziwa.

Lolemba ndinakwera basi kapu ili pamiyendo. Ndinamuimbira mwana wa Mayi Doreen kuti tikumane kwa mayi ake, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndinaba ine, Mayi Tembo sakudziwa kanthu, ndipo tsiku ndinachita kusankha kuti mlandu uwagwere iwo. Mwana wa Mayi Doreen uja anafiira, anandiuza mawu amene ndinayenera kuwamva. Chimene chinandiswa mtima ndi Mayi Doreen. Atangoiona kapu anaitambasulira dzanja lamanzere, anandimwetulira, n'kundithokoza ponditchula dzina la mng'ono wake kuti ndamupezera. Mwana wake uja apolisi sanawaitane, chimenecho chinali chisomo chimene sindinachigwirire ntchito. Koma ku ofesi anandichotsa tsiku lomwelo, ndipo ntchito yosamalira anthu, imene ndinkaidziwa ndi kuikonda, inathera pamenepo.

Mayi Tembo anawabwezera mashifiti awo, ndi kalata yopepesa. Ndinathamangira kunyumba, ndinatereka ketulo, ndinawauza bambo kuti zatheka. Anandifunsa kuti kalatayo awerenga anthu angati. Ndinati mwini wake. Anafunsa kuti nanga mphekesera anamva angati. Ndinazimitsa ketulo.

Ena mwa inu munalipo Lamlungu limene ndinaima m'chipinda chomwe chino n'kunena kuti wakuba uja ndine. Ndikukumbukira nkhope zanu, ndipo sindikudandaula. Kuchoka apo ndinapita kwa Mayi Tembo, ndinagwada pakhomo pawo. Sanandidzutse msanga.

"Namvela," anatero. "Koma mwana wanga anamufunsa anzake ngati amai ake ni kawalala. Nipaseni nthawi."

Anali ndi ufulu wonse. Kupepesa si batani loti ukadina chikhululuko chituluke.

Miyezi yotsatira inali ya ntchito yosakoma kuikamba. Ndinapeza ganyu yolongedza katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton, mabasi atatu kupita, atatu kubwera. Ndinapita kwa mlangizi wa za maganizo, chinthu chimene ife timachita nacho manyazi ngati kuti ndi cha amisala. Iyeyo ndiye anandithandiza kuona kuti sindinkagula makapu, ndinkathawa tsiku lija tinatuluka m'nyumba ya kampani katundu ali pamutu. Ndinafufuta zamalonda zonse mufoni, n'kuwapatsa bambo a Tadala kuti aziiona nthawi imene afuna. Loweruka m'mawa, nthawi ya maselo, ndinkapita koyenda ndi bambo kupaki kuti miyendo isanditengere kwina. Ndinagwapo kamodzi, ndisaname. Ndinalowa m'kaunjika n'kugula jagi ya mkaka, koma pofika kunyumba ndinaulula ndisanavule nsapato, mawa lake ndinakaibweza.

Makapu aja tinawakhalira pansi tonse anayi. Lamulo anaika ndi Tadala, m'Chichewa chake chothyokathyoka, kuti kapu yosamwera ichoke. Ena tinagulitsa, ena tinapereka, ndipo makatoni anayi ndinabweretsa ku gulu lino kuti azigwira ntchito pa siwa, pa zinkhoswe, ndi pa misonkhano ngati uno. Ndi amene mwagwirawo. Atatu asweka kale ndipo dziko silinathe. Kwa amuna anga ndinapepesa za maliro a mayi awo, mochedwa ndi zaka ziwiri. Chipinda cha Tadala chinabwerera kwa mwini wake.

Inu amene mumalowa m'nyumba za eni, mwina chanu si kapu. Mwina ndi ndolo, mwina kabotolo ka mafuta onunkhira, mwina kanthu kena kamene mwayamba kukayang'ana kawirikawiri mukamapukuta fumbi. Tsiku limene mudzayambe kudzifotokozera chifukwa chimene mwini wake sakukafunira, imbirani mnzanu tsiku lomwelo, mumuuze. Ndipo dzifunseni funso la bambo anga chinthucho chisanalowe m'chikwama, chifukwa pali wina amene adzasenze.

Zonsezi zikuchitika, bambo anali akumwabe madzi otentha. Ankadya, ankacheza ndi mkamwini wawo, ankaseka ndi mdzukulu, koma ine ndinali dona. Tsiku la ulendo wawo linkayandikira, ndipo mantha anga anali amodzi, akuti akwera ndege asanamwe tiyi wa m'manja mwanga, ndipo pa msinkhu wawo sindinkadziwa ngati tidzaonanenso.

Litatsala sabata limodzi, Lamlungu masana, belu la pakhomo linalira. Anali Mayi Tembo. Anandiuza pakhomo pomwepo kuti abwera kudzaona atate, osati ine, ndipo ndinawapatsa njira. Anagwada kupereka moni kwa bambo. Anthu awiri amenewa anali asanaonanepo, koma anacheza ngati apachibale, za Thyolo, za Chipata, za mmene zimakhalira kuyenda pakati pa anthu ukudziwa chimene akunong'onezana. Ine ndinali chiimire kukhitchini ngati mlendo. Patapita nthawi Mayi Tembo anakweza mawu kufunsa ngati m'nyumba muno alendo sapatsidwa tiyi.

Ndinayamba kutulutsa makapu achimbombo aja. Bambo anadzuka okha, anatsegula kabati imodzi imene inatsala, natulutsa seti ya buluu. Tinalipo asanu: bambo, Mayi Tembo, amuna anga, Tadala ndi ine. Makapu anakwana ndendende. Sosala yopanda kapu ija bambo anaiika pakati pa thebulo, ndipo ili pomwepo mpaka lero, sindiisakiranso inzake.

Ndinathira tiyi. Mayi Tembo anayamba kumwa. Bambo anayang'ana kapu yawo nthawi yaitali. Zaka zonse zija akutsuka makapu otere, mlomo wawo unali usanakhudzepo ngakhale imodzi. Anayesa kulowetsa chala m'chogwirira, sichinalowe, Tadala n'kuseka. Anaigwira ndi manja awiri monga ankachitira potsuka, anamwa kamodzi, kawiri, tiyi n'kutha. Anasuzumira m'kati ngati wina wawabera, nati zaka zonsezi ankaganiza kuti azungu aja ankamva kukoma kwina, chikhalirecho ndi tiyi yemweyu, kungoti wochepa.

Kenaka anandipatsira kapu ija.

"Esime, mwanawe, thira wina."